Ma strings a pa kompyuta: tisankhe ati oika pansi pa mawu a kwaya?

M'nyengo yozizira yapitayi, kwaya ina ya amayi a Chigwirizano yochokera cha ku Linthipe inabwera ku situdiyo kwanga kuno ku Dedza boma kudzajambula nyimbo zisanu ndi imodzi. Titamaliza kutenga mawu, mayi wotsogolera anandiitanira pambali. "Achimwene, yachitatuyo ndi ya pamaliro. Mutiikiremo tija timalira chapansipansi mu mafilimu tija, koma tisamveke ngati kiyibodi ya ku tchalitchi kwathu ayi." Ndinadziwa chimene ankafuna. Ankafuna mavayolini ndi machelo, zimene ife a m'masitudiyo timangoti ma strings.

Ku Dedza kuno kapena ku Ntcheu simungaitane anthu 30 a mavayolini kuti adzakuimbireni. Chimene tili nacho ndi malaibulale a mawu ojambulidwa kale. Kampani imasonkhanitsa oimba enieni mu holo n'kuwajambula noti imodziimodzi: chapansipansi, mwapakatikati, mwamphamvu, pokoka uta mwautali, poudumphitsa pa nsambo, pokodola nsambo ndi chala. Tizidutswa timeneti timakhala masauzande ambirimbiri, ndipo inu mukadina kiyi, pulogalamu imatola kachidutswa koyenera n'kukaliza. Ndiye pogula laibulale mumagula zinthu zitatu pamodzi: chiwerengero cha oimba, chipinda chimene anaimbiramo, ndi luso la amene analumikiza tizidutswato. Mukagula basi, zitatuzi simungadzazisinthenso.

Musanayang'ane dzina la kampani, yang'anani kaye pa tebulo panu. Ambiri mwa ife tili ndi laputopu ya kaunjika ya RAM 8 GB (RAM ndi malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito nthawi yomweyo), intaneti ya bandulo, ndi magetsi amene amatha kuzima dawunilodi ili pakati. Kachiyambi ka kachidutswa kalikonse kamakhala mu RAM, kotsalako kamawerengedwa kuchokera pa disiki nthawi yomwe mukuimbayo. N'chifukwa chake hard drive yakale yozungulira ija imachititsa mawu kudukaduka, pamene SSD, disiki yamakono yosazungulira, siivutika. Ngati muli ndi ndalama za chinthu chimodzi chokha chaka chino, gulani SSD, laibulale yogula idikire.

Zaulere zimene zilidi zaulere

Ine ndinayambira pa BBC Symphony Orchestra Discover, ndipo aliyense wondifunsa ndimamuyambitsira pomwepo. Kampani ya Spitfire Audio ya ku London inajambula gulu la BBC Symphony Orchestra ku Maida Vale Studios n'kutulutsa laibulale yaikulu mu 2019, kenako mu 2020 inatulutsa kamtundu kakang'ono kameneka, kamene lero n'kaulere. Sikafika ngakhale theka la GB imodzi, choncho bandulo ya tsiku limodzi imakwana. Muli mavayolini oyamba, mavayolini achiwiri, maviyola, machelo ndi mabesi, gulu lililonse palokha, kuphatikizapo zitoliro, malipenga ndi ng'oma. Kupatukana kumeneku ndiye phindu lake lalikulu, chifukwa kumakukakamizani kulembera gulu lililonse mzere wake.

Kufooka kwake kuli pawiri. Noti iliyonse ili ndi mphamvu imodzi yokha, ndiye mukafuna kuti mawu akule, amangokwera ngati mwapotokola voliyumu ya wailesi. Vayolini yeniyeni ikakanikizidwa ndi uta imasintha khalidwe, imayamba kukanda, imawala. Discover sichita zimenezo. Chachiwiri, mulibe legato, ndipo nkhani ya legatoyi ndiitambasula bwino pansipa.

Zina zaulere ndizidutsa mwachangu. The Free Orchestra ya ProjectSAM ya ku Netherlands ili ndi mawu okonzedwa kale a mtundu wa filimu, abwino pa sewero la pa wailesi kapena kanema wa ukwati, koma si yolembera mizere inayi. Layers ya Orchestral Tools ya ku Berlin imaimba kodi yonse, kutanthauza manoti angapo olira pamodzi, mukadina kiyi imodzi. Pa nyimbo yongozungulira pa do, fa ndi so imakutulutsani msanga, ngakhale kuti ndi yolemera kwambiri kuposa Discover, ndipo mawu a m'kati mwa kodi simungawayendetse mmene mukufunira. VSCO 2 Community Edition ya Versilian Studios imamveka yaiwisi ndithu, koma imayenda pa laputopu imene zina zonse zakana.

Imodzi yokha ndi imene ndikufuna aphunzitsi a makwaya aimvetsetse, makamaka amene anaphunzira kuwerenga manoti a pa mizere isanu ku seminale kapena ku koleji. MuseScore ndi pulogalamu yaulere yolembera nyimbo, ndipo kuyambira mu Disembala 2022 imabwera ndi mawu otchedwa Muse Sounds, aulerenso. Apa simuimba pa kiyibodi ayi. Mumalemba manoti, n'kuika zizindikiro za kukweza, kutsitsa ndi kulumikiza, pulogalamuyo n'kumaimba yokha motsatira zizindikirozo. Kwa munthu amene mutu wake uli pa kalembedwe osati pa zala, imeneyi imaposa Discover pa mizere yoyenda pang'onopang'ono. Mukamaliza mumatulutsa gulu lililonse ngati fayilo ya mawu ya wav n'kupita nazo ku pulogalamu yojambulira nyimbo monga FL Studio kapena Cubase. Vuto limabwera ngati kwaya yajambulidwa kale ndipo liwiro lake likusinthasintha, chifukwa kuigwirizanitsa ndi manoti olembedwa ndi ntchito ya thukuta.

Pamene ndalama zimapita: legato

Mvetserani mayi wa soprano wodziwa kuimba akamachoka pa do kukwera pa so. Sadula mpweya pakati. Pamakhala kakutsetsereka kakang'ono, kosakwana ngakhale kuphethira kwa diso, ndipo chisoni cha nyimbo ya pamaliro chimakhala pamenepo. Woimba vayolini amachitanso chimodzimodzi: chala chimasuntha uta ukupitirirabe. Malaibulale odula anajambula kusuntha kumeneku pakokha, kuchoka pa noti iliyonse kupita pa ina iliyonse yoyandikana nayo mpaka okitevu yathunthu (kuchoka pa do kufika pa do wotsatira), pokwera ndi potsika pomwe. Imeneyo ndiyo legato. Popanda iyo, noti iliyonse imayamba mwatsopano, waa, waa, waa, ndipo khutu limazindikira nthawi yomweyo kuti iyi ndi kiyibodi. Amayi a ku Linthipe aja sankadziwa dzina lake, koma chimene ankakana ndi chimenechi.

Pa zogula, zitatu ndi zimene ndinaziyeza kwa nthawi yaitali ndisanatulutse ndalama.

Cinematic Studio Strings, imene ambiri amangoti CSS, inajambulidwa ku Trackdown mu mzinda wa Sydney ku Australia ndipo inatuluka mu 2016. Oimba ake ndi 35: mavayolini oyamba 10, achiwiri 7, maviyola 7, machelo 6 ndi mabesi 5. Mawu ake ndi ofunda, akuda pang'ono, onjenjemera kwambiri ngati a munthu amene akuimba misozi ili m'maso. Mabatani ake ndi ochepa, munthu sasokonezeka. Imayenda mu Kontakt Player, pulogalamu yaulere yoimbiramo malaibulale, ndipo mtengo wake wakhala pafupifupi madola 400. Legato yake, kwa ine, ndi imene imayandikira kwambiri mawu a munthu.

Koma ili ndi khalidwe limene limakhumudwitsa ambiri tsiku loyamba: imachedwa. Popeza kutsetsereka kuja anakusiya kwathunthu, noti yatsopano imafika mochedwa, ndipo pa legato yodekha kwambiri kuchedwako kumafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. Pa nyimbo ya liwiro la 90, kutanthauza kugunda ka 90 pa mphindi imodzi, kugunda kumodzi kumatenga magawo awiri mwa atatu a sekondi, ndiye kuti vayolini ikutsalira ndi theka lathunthu la kugunda. Mukaika manoti ndendende pa mizere ya piano roll (malo olembapo manoti ndi mausi), monga tinazolowera mu FL Studio, zonse zimamveka ngati zikukokedwa. Mankhwala ake ndi kukokera manoti kumbuyo kuti ayambe msanga, kapena kuuza thiraki yonse, ndiye kuti mzere wa choimbiracho mu pulogalamu, kuti itsogole. Ndi ntchito ya manja, noti ndi noti, koma mukazolowera zala zimayamba zokha kudina msanga. Mitundu yatsopano ya CSS ili ndi njira yochepetsera kuchedwaku, kungoti kukoma kuja kumachepanso pang'ono.

Spitfire Chamber Strings ili ndi oimba 16 okha: mavayolini oyamba 4, ndipo magulu anayi otsalawo atatuatatu. Ndimaikonda chifukwa cha kuchepako. Oimba akachepa mumamva uta ukukhudza nsambo, mumamva kuti pali anthu. Kwaya ya amayi 20 kapena 25 imayenderana ndi gulu lotere. Kuiika pamwamba pa oimba 60, monga a mu Spitfire Symphonic Strings, kuli ngati kuveka mwana chikhotho cha agogo ake: kutentha alipo, koma mwanayo sakuonekanso. Inajambulidwa mu Lyndhurst Hall ku AIR Studios mu London, nyumba imene kale inali tchalitchi, George Martin, katswiri amene ankajambula nyimbo za gulu la Beatles, asanaisandutse situdiyo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kulira kwa tchalitchi kuja kuli m'kachidutswa kalikonse, ndipo ngakhale musankhe maikolofoni apafupi sikuchokeratu. Ndi yodula kuposa CSS, ndiponso yolemera pa disiki.

Yachitatu ndi BBC Symphony Orchestra Core, mkulu wake wa Discover. Ili ndi legato, ili ndi mphamvu zosiyanasiyana pa noti, imatenga malo osapitirira 30 GB, ndipo simugula ma strings okha koma gulu lonse. Ngati ntchito zanu ndi za Misa ya Pasaka yofuna malipenga, kapena nyimbo za kumbuyo kwa kanema wa bungwe, apa mupeza zambiri pa mtengo umodzi. Zimene munalemba mu Discover zimasamukira mu Core popanda kuyambiranso. Koma ma strings ake ndi gulu lalikulu la anthu 60, ndipo maikolofoni anasakanizidwa kale, simungawayandikitse. Mtundu wa Professional, umene umakupatsani maikolofoni onse, umapitirira 500 GB. Umenewo tiusiye, si wa bandulo zathu.

Nkhani ya chipinda ndi ya magule

Situdiyo yanga ndi kachipinda kokutidwa ndi masiponji ndi mabulangeti, ngati masitudiyo ambiri kuno. Mawu otuluka mmenemo ndi ouma, alibe kulira kwa makoma. Mukaika pansi pake ma strings a mu holo yaikulu, womvera amamva malo awiri: amayi ali pafupi ndi khutu, mavayolini ali kutsidya kwa phiri. Chimene ndimachita ndi kusankha maikolofoni apafupi ngati alipo, kenako n'kutumiza kwaya ndi ma strings omwe ku reverb imodzi (chida chotsanzira kulira kwa makoma), kuti onse akhale ngati ali pansi pa denga limodzi. CSS imavomera zimenezi mosavuta chifukwa chipinda chake si chachikulu kwambiri. Chamber Strings imafuna kuti kwayayo ndi imene isamukire ku tchalitchi chake.

Pali mbali ina imene opanga malaibulalewa sanaiganizire, chifukwa nyimbo zathu sazidziwa. Nyimbo zambiri za kwaya kuno, ngakhale za mu tchalitchi, zimakhala ndi kayendedwe ka chimtali, ka manganje, kapena kuponda kwa ingoma ya Angoni a ku Ntcheu. Pamenepo simufuna manoti ataliatali koma aafupi, odumpha, a staccato kapena spiccato, ogwa pamodzi ndi ng'oma ndi m'manja. Holo yolira imawapaka matope manoti otere: ina isanathe, ina yafika. Pa nyimbo zovinika, laibulale youma ndi imene imapambana. Malaibulale akale a Vienna Symphonic Library anajambulidwa dala m'chipinda chosalira chotchedwa Silent Stage, ndipo LA Scoring Strings ya Audiobro, ya mu 2009, nayonso ndi youma ndi yakuthwa. Zonsezi zimafuna munthu wodziwa kusakaniza mawu, chifukwa zikangotuluka m'bokosi zimakanda m'makutu. Funsaninso za round robin, kutanthauza kuti noti imodzi anaijambula kangati. Ikakhala kamodzi kokha, kuibwereza mofulumira kumamveka ngati makina osokera.

Zolipira pamwezi, ndi za pa fulashi

EastWest ili ndi njira yotchedwa ComposerCloud: mumalipira pamwezi n'kugwiritsa ntchito malaibulale awo ambiri, kuphatikizapo Hollywood Strings imene inatuluka mu 2010. Kwa munthu wolandira madola ndi njira yabwino. Kwa ife olandira makwacha, ayi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali ndi ngongole ya madola pamwezi anadzuka m'mawa mtengo utalumpha. Choopsa china n'chakuti mukasiya kulipira, mawu amatseka. Kwaya ikabweranso patatha chaka kuti muwakonzere nyimbo yakale, mupeza mathiraki ali duu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati mwalowabe njira imeneyi, muzisandutsa thiraki iliyonse kukhala wav musanatseke pulojekiti.

Za malaibulale obedwa a pa fulashi tonse tikuzidziwa, zimayenda kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Lizulu, mnzako n'kukuuza kuti "ingokopera, ndi zonse zimenezo". Ine ndinasiya, ndipo ndikupemphani inunso musiye. Ife oimba timadandaula tsiku ndi tsiku kuti nyimbo zathu zikuwotchedwa m'misika popanda kulandira kanthu, ndiye tisachitire anzathu zomwezo. Komanso zobedwazi zimabwera ndi mavairasi, zina ndi zosakwanira, ndipo sizilandira zokonza zatsopano. Zaulere zimene ndatchula zija zimaloledwa kugwiritsidwa ntchito pa nyimbo zogulitsa, ndipo mungagone nazo tulo.

Pogula, chenjerani ndi mawu awiri ofanana. Laibulale yolembedwa kuti ndi ya Kontakt Player imayenda mu pulogalamu yaulere ija ya kampani ya Native Instruments. Yolembedwa kuti imafuna Kontakt yathunthu imangoimba mphindi 15 mu yaulereyo n'kutseka, ndipo Kontakt yathunthu ndi yogulanso payokha. Makampani ambiri sabweza ndalama mukangochita dawunilodi, ena salolanso kugulitsa laisensi kwa munthu wina. Musakhulupirirenso nyimbo zachitsanzo za pa tsamba la kampani, chifukwa zinakonzedwa ndi akatswiri kwa masiku ambiri. Funani makanema a pa YouTube amene munthu akungodina makiyi popanda zokometsera. Mitengo imatsika kwambiri kumapeto kwa Novembala, choncho kudikira kumapindulitsa.

Chimene kwayamasitala akudziwa kale

Apa ndi pamene mtima wanga uli. Chimene chimaononga ma strings m'nyimbo zathu zambiri si laibulale yotchipa koma dzanja lamanzere logwira makodi. Tinazolowera pa kiyibodi ya Yamaha PSR kusankha mawu a strings, kugwira zala zitatu, n'kusamutsa dzanja lonse kodi ikasintha. Palibe gulu la mavayolini limene limaimba choncho. Gulu la ma strings ndi kwaya: vayolini yoyamba ndi soprano, yachiwiri ndi alto, viyola ndi tenala, chelo ndi besi, ndipo besi yaikulu ija imangotsatira chelo okitevu imodzi pansi. Kwayamasitala aliyense wa ku Bembeke kapena ku Mlanda amene amalemba sol-fa pa bolodi akudziwa kale kuti alto sayenera kulumphalumpha, kuti noti yopezeka m'makodi awiri otsatizana imangogwiridwa, kuti besi ikamatsika soprano imakoma ikamakwera. Nzeru imeneyi ndi yofunika kuposa madola 400. Tsegulani mathiraki anayi, muimbe mzere uliwonse ndi chala chimodzi, ndipo ngakhale Discover idzakudabwitsani.

Dzanja lina likhale pa kagudumu ka kumanzere kwa kiyibodi, ka modulation, kamene pulogalamu imakadziwa ngati CC1. M'malaibulale ambiri ndi kamene kamayendetsa mphamvu ya manoti aatali, kuyambira pa 0 mpaka 127. Noti yaitali isaime chilili: iyambe pansi, ikule, ibwerere, monga mpweya wa munthu. Ine ndimaimba mzerewo ndi pakamwa ndikamaujambula, ndipo pamene ndapuma mpweya, vayolini nayo imapuma. Ngati kiyibodi yanu ilibe kagudumu, jambulani mzere wokhotakhota ndi mausi.

Musalimbanenso ndi oimba anu. Viyola ndi chelo zimakhala pamalo omwewo pamene pali mawu a alto ndi a abambo, ndiye zikachuluka mawu a nyimbo samveka, pamene ku maliro ndi ku tchalitchi anthu amafuna amve uthenga. Nthawi zambiri ndimaika mavayolini pamwamba pa soprano, chelo pansi, pakati n'kusiyira kwaya. Kumbukirani kuti ambiri adzamvera pa foni, nyimbo itadutsa pa WhatsApp, kapena pa sipika ya mu minibasi. Nsambo yotsikitsitsa ya besi yaikulu imalira pansi kwambiri, pa 41 Hz, ndipo foni siitulutsa n'komwe. Chelo ndi amene asenze katunduyo.

Chomaliza ndinachiphunzira movutika pa nyimbo ya amayi omwe aja. Kwaya ikamaimba popanda choimbira imatsika pang'onopang'ono, ndipo khutu silidandaula chifukwa onse akutsikira limodzi. Koma laibulale sitsika. Pofika ndime yachitatu amayi anali pansi, mavayolini ali pamwamba, zikukhulana. Ndinawaitananso, n'kuwaikira piyano yolira chapansipansi m'mahedifoni a otsogolera mzere uliwonse, tinajambulanso. Ngati mukudziwa kuti mudzaika ma strings, chitani zimenezi tsiku loyamba lomwelo.

Nyimboyo ndinaimaliza ndi CSS, imene mlamu wanga wa ku Johannesburg anandilipirira pa khadi lake ine n'kupereka makwacha kwa apongozi kuno. Dawunilodi inanditengera mausiku angapo. Sindinagwiritse magulu onse asanu. Ndime yoyamba amayi akuimba okha. Pa yachiwiri machelo amalowa chapansipansi, akuyenda motsutsana ndi soprano. Mavayolini oyamba amadikira mpaka kolasi yomaliza, ndipo amangogwira manoti asanu ndi limodzi. Mayi wotsogolera atamvera anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Bwezeraninso pamene palowa chachikulucho."

Akutuluka anandiuza kuti malemu bambo awo ankaimba kaligo, kaja ka nsambo imodzi kokhala ndi uta, ndipo chelo chija chinawakumbutsa iwowo. M'malaibulale onse ndatchulawa kaligo mulibe. Koma pali pulogalamu yaulere yotchedwa Decent Sampler imene munthu angaikemo mawu ojambula yekha, noti ndi noti, monga amachitira a ku London aja. Ndamva za agogo ena cha ku Golomoti amene akadali nako kaligo kawo, ndipo ndatumiza kale uthenga wopempha ngati angalole, komanso kuti tigwirizane za malipiro awo. Akavomera, mvula isanayambe nditsika msewu wokhotakhota uja ndi maikolofoni awiri ndi laputopu.